Batire Lodzaza Mpaka M'khosi

Fyuzi anali atalowetsa mutu pansi pa dashibodi ya minibasi, miyendo ili kunja, pamene anamva munthu akumukoka ovolosi. Anadandaula mokweza monga mwa nthawi zonse. Mayiyu dzinali analipeza kalekale, chifukwa ntchito yake inali yokonza mawaya a galimoto, komanso chifukwa mtima wake sunkachedwa kupsa. Atatulutsa mutu anapeza kuti ndi Make mapasa, mnzake wa kuubwana, mwini bekare ya kuseri kwa mpanda wa galaja. M'manja munali mbuu ufa, maso ali psuu.

"Iwe, wapsereza buledi kapena kwagwa zovuta?"

"A Giyawani aba batire la pikapu."

Fyuzi anaseka mpaka kugunda mutu pachitseko cha minibasi. A Giyawani anali dalaivala wa bekareyo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinali anawapatsa ndi anyamata a minibasi, chifukwa ankayendetsa galimoto pa giya wani, ngati yanyamula mazira ngakhale ilibe kanthu. Zaka zonsezo anavutika ndi kaveni kokalamba kofuna kukankha m'mawa uliwonse, mpaka miyezi iwiri yapitayo Make mapasa anagula pikapu yatsopano, yoyera, mipando idakali m'mapulasitiki. Dalaivala ameneyu ankabweza ngakhale banzi limodzi lotsalira m'kreti.

"Sindikuseka ine," anatero Make mapasa. "Mlongo wanga ali ndi umboni, ndipo akuti ikakwana folo koloko apita kupolisi. Makiyi ndawalanda kale m'mawa, anthu onse akuona."

"Eniakewo akuti chiyani?"

"Palibe. Avula chipewa, andipatsa makiyi, akakhala pakreti kuseri kwa uvuni. Ndawafunsa katatu kuti mwaba kodi, iwo duu. Fyuzi mnzanga, munthu wosalakwa amakana."

Fyuzi anasiya kuseka. Iye ndi a Giyawani anakhala akukangana zaka makumi awiri, chifukwa mkuluyo ankati galimoto amaimva ndi khutu, osati ndi tizipangizo ta amayi a tiwaya. Koma kukangana ndi munthu n'kumene kumakuphunzitsa mtima wake, ndipo zoti mkulu ameneyu akagone m'selo zinamuwawa kwambiri. Anayang'ana wotchi, nthawi n'kuti itangodutsa thwelofu. Anaponya mita yake yoyezera magetsi m'chikwama n'kuuza mwini minibasi kuti akadye kaye.

*

Pikapu inali pakati pa bwalo la bekare, itazunguliridwa ndi chingwe choyanikira zovala. Anachimanga ndi Manejala, mlongo wake wamng'ono wa Make mapasa. Udindowu palibe anamupatsa, anangoyamba kuvala tayi tsiku lina, anthu n'kuzolowera. Sanali munthu woipa, koma ankakonda kukhala woyamba kudziwa chinthu.

"Anti, chonde musagwiregwire, umenewu ndi umboni," anauza Fyuzi. "Lero buledi wapita pa galimoto ya hayala. Mfundo zanga ndi zinayi."

"Yamba ndi yoyamba, nthawi ilibe mabuleki."

Manejala anatsegula chitseko n'kuloza kachipangizo kokhala ndi manambala ofiira, kolowetsa pabowo lotchajira foni.

"Aka ndinagula ndine, kamaonetsa mavoliti a batire. Aliyense amadziwa kuti injini ikamalira pamayenera kuoneka 14. Sabata yoyamba kankaonetsa 14.6, bwinobwino. Tsopano kakuonetsa thwelofu poyinti folo, anti! Batire latsopano lingatero? Chachiwiri, wotchi ya galimoto imangobwerera pa ziro, kusonyeza kuti wina amachotsa batire. Chachitatu, manati a batire ndi okandika. Chachinayi, telala wa kutsidyako anawaona akutuluka ndi wilibala atavindikira chinthu ndi thumba la ufa. Anagulitsa lathu, n'kuikamo lakale lotsuka ndi sopo."

"Manambalawo umawaona nthawi yanji?"

"M'mawa uliwonse. Amandisiya kushopu yathu ya kumsika, ndiye tikafika pa filing'i sitesheni ndimajambula pafoni."

"Magetsi a galimoto amakhala oyaka?"

"Ayi, kumakhala kutacha kale."

Fyuzi analanda foni n'kuyamba kuyendetsa zithunzi ndi chala chakuda ndi girizi, Manejala akuyang'ana mwachisoni. Manambala sanali otsika masiku onse. Lolemba ndi Lachinayi ankafika 13 ndi kanthu, mwinanso 14. Lachiwiri ndi Lachisanu ndi pamene ankagwera pansi. Anadumpha chingwe chija n'kutsegula boneti.

Za manati Manejala sananame. Koma zipsera za sipanala zinali zambiri, zina zakale zina zatsopano, ndipo zonse zinali za munthu womanga mosamala. Wosinthanitsa batire amamasula kamodzi basi. Fyuzi anapukuta pamwamba pa batire, anawerenga manambala odindapo, n'kuitanitsa mapepala a galimoto. Kenako anagwiragwira kabokosi kakuda komangirira pamutu umodzi wa batirelo, n'kung'ung'udza yekha. Pomaliza anagunditsa timawaya ta mita yake pamitu iwiri ya batire, injini ili chete.

"12.9," anawerenga. "Mnzanga, bwera uone. Batire ili ndi lako lomwe, limene linabwera ndi galimoto. Manambala akugwirizana ndi mapepala."

"Ndiye kuti analibweza atamva kuti tawatulukira," anatero Manejala msangamsanga.

"Mwina. Koma galimoto ya buledi imaima malo makumi anayi m'mawa umodzi, kuzimitsa, kuliza, kuzimitsa, kuliza. Batire lake limakhala ndi kanjala nthawi zonse. Ili ladzaza mpaka m'khosi." Anatseka boneti. "Wakuba wanuyu amatenga batire n'kulibweza litakhuta. Ndikufuna ndidziwe amene amalidyetsa."

*

Telala anali pakhonde la sitolo ya kutsidya kwa msewu, makina ake atayang'ana geti la bekare. Anali bambo wowonda, tepi m'khosi, mapini atatu pakamwa. Atamuona Fyuzi akuwoloka anayamba kupalasa makina mwamphamvu, ngati munthu amene sanadzutsepo mutu chibadwire.

"Ine za anthu sindiyang'ana, mayi," anayamba asanafunsidwe. "Ine ndi nsalu, nsalu ndi ine."

"Ndikudziwa. Wilibala munaiona liti?"

"Dzulo, Lachinayi, thuu koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Anavala malaya abuluu aja ndinawasokera kolala. Komatu sindinayang'ane."

"Dzulo lokha?"

Telala anachotsa pini imodzi pakamwa. "Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Ndi masiku amene amazimitsa uvuni kuti ayeretse, anthu amaweruka msanga, bwalo limatsala lopanda munthu. Ino ndi sabata yachisanu ndi chimodzi. Poyamba linali Lachinayi lokha, kenako anawonjezera Lolemba."

"Ndiye mwakhala chete masabata onsewo, n'kudzanena dzulo?"

"A Manejala anabwera kudzapinditsa thalauza, n'kundifunsa ngati ndinaonapo zachilendo. Munthu ukafunsidwa umayankha."

"Nanga amabwerera?"

"Zimenezotu palibe anandifunsa!" Telala anaoneka wokhumudwa ndithu, ngati amulanda mpata. "Amabwerera faifi koloko. Wilibala yomweyo, thumba lomwelo."

"Mukudziwa bwanji kuti sibwerera yopanda kanthu?"

"Tayala lake limalira likalemedwa, kwii, kwii. Ikakhala yopanda kanthu silira. Popita limalira, pobwera limalira. Komanso pobwera ndi chitunda, amapuma katatu. Pamtengo wa magetsi apo amaima nthawi yaitali atagwira msana." Anatsitsa mawu. "Ndinkafuna kukawathandiza tsiku lina, koma nkhope yawo inali ya munthu wosafuna kuonedwa. Mayi, kodi ndawapalamulira?"

"Mwanena theka la nkhani, theka linalo ndi limene likanawapulumutsa. Amalowera kuti?"

Telala analoza ndi sizasi kanjira kotsetserekera kumunsi, kumene kunali babashopu.

*

Wometa ankachita ntchito ziwiri m'kachipinda kamodzi. Kutsogolo ankameta, kumbuyo ankatchaja mafoni ndi mabatire a anthu opanda magetsi kunyumba. Fyuzi anamupeza atameta kasitomala mbali imodzi ya mutu.

"Bwana wanga wamkazi! Mwabwera kudzameta kapena kudzandilanda makasitomala?"

"Ndabwera za batire la a Giyawani."

Makina ometera anazima. "Batire lanji, bwana wanga? Ine ndinalumbira. Ndikutanthauza kuti sindikudziwa kanthu, komanso ndinalumbira."

"Folo koloko akuwatengera kupolisi. Akuti analigulitsa."

"Kugulitsa?" Wometa anamenya m'manja, kasitomala n'kudzidzimuka. "Munthu amene amaliyalira katoni pansi kuti lisadetsedwe? Bwerani muone."

Anamulowetsa kumbuyo. Pakona panali katoni yoyalidwa bwino, pambali pake kampando.

"Amaliika apa, iwo amakhala apo. Maola atatu, bwana wanga, osayankhula, osawerenga nyuzi, kungoliyang'ana ngati akudwazika munthu m'chipatala. Ine ndimawauza kuti madala, batire ili ndi lodzaza, taonani muvi wa tchaja sukusuntha n'komwe. Iwo amati tchajani basi. Ndinawauzanso kuti pitani kwa Fyuzi, ali kuseri kwa mpanda wanu. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo."

"Sananenepo chifukwa chake?"

Wometa anakanda m'mutu. Anasuzumira kutsogolo, kumene kasitomala wa theka la mutu anali atatchera khutu poyera, ndiye ananong'ona.

"Kamodzi kokha. Ndinawamva akuyankhula okha, akuyang'ana zikhatho zawo. Anati, ndaipha ndi manja angawa."

"Aipha chiyani?"

"Sindinafunse, bwana wanga. Ine ndimagwira lezala, nkhani za kupha ndimazitalikira."

Fyuzi anatuluka wotchi ikuti hafu pasiti thuu. Chitunda chija anachikwera wopanda katundu, koma pamtengo wa magetsi nayenso anaima kuti apume. Anaganiza za batire lolemera ngati thumba la shuga ndi msana wa munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo anapsa mtima osadziwa kuti akupsera ndani.

*

A Giyawani anali adakali pakreti kuseri kwa uvuni, chipewa pabondo, nsapato zopolishidwa bwino. Pambali pawo panali kachikwama, atalongedzamo kale kapu yawo ya tiyi ndi jekete la mvula. Fyuzi anakoka kreti ina n'kukhala moyang'anana nawo.

"Amayi a tiwaya," anatero mkuluyo osadzutsa maso. "Akutumani kuti mudzandiyeze ndi mita?"

"Ndayeza kale, mutu wanu ndi umene uli ndi shoti. Ndachokera kwa wometa."

A Giyawani anapitiriza kuyang'ana chipewa chawo. Fyuzi anawayandikira.

"Munachotsa chingwe cha batire injini ikulira, eti?"

Apa ndiye anadzutsa mutu. Fyuzi anadziwa kuti walasa. Imeneyi inali njira ya madalaivala akale a malole. Akafuna kudziwa ngati otaneta, kamakina kotchaja batire galimoto ikamayenda, ikugwira ntchito, ankazula chingwe cha batire injini ikulira. Ikapitiriza kulira, ankati zonse zili bwino. Pa malole a nthawi imeneyo zinkatheka, koma galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta, ndipo masewera amenewo zimadana nawo.

"Inali sabata yachiwiri," anayamba a Giyawani, mawu ali pansipansi. "Ndinamusiya Manejala kumsika, ndikubwerera pamsewu wowongoka uja. Ndikuyang'ana kachipangizo kake, ndikuona 14 yatsika, 13, mpaka 12 ndi kanthu. Ndinati galimoto yatsopano isatifere ndi buledi wa anthu, ndione msanga. Ndinaima, n'kuchita zimene ndachita moyo wanga wonse. Mayi inu, magetsi onse a padashibodi anayaka nthawi imodzi, ofiira, achikasu, ena sindinawaonepo. Injini inatsokomola n'kuzima. Ndinabwezera chingwe msangamsanga. Inalira, magetsi aja anazima, koma kuchokera tsiku limenelo manambala sakhazikikanso pa 14. Ndinawotcha otaneta."

"Ndiye munayamba kulidyetsa nokha batire."

"Nanga ndikanatani? Otaneta ikafa, batire limatha, galimoto imaima panjira. Ndinati bola ndizilitchaja, buledi azifika. Koma ndikatchaja, mawa lake manambala amatsikiratu. Ndinawonjezera Lolemba, osathandiza. Ikuferatu pang'onopang'ono."

Fyuzi anaphulika. "Mpanda umodzi! Galaja yanga ili kuseri kwa mpanda umodzi wokha! Mukanangoponya kamwala padenga ndikanabwera! Mwasankha kuthyola msana masabata asanu ndi limodzi?"

"Ndikanabwera ndi nkhope iti, nditakunyozani zaka makumi awiri?"

"Nkhope yomweyo, ndinaizolowera kale kuipa kwake. Nanga mnzangayu bwanji simunamuuze? Mpaka kulola kutchedwa wakuba?"

A Giyawani anatembenuza chipewa kawiri. "Tsiku limene galimotoyi inabwera, mayi anandiitana ine poyamba, asanaitane ana awo. Anati, bambo, mwakankha mokwanira, iyi ndi yanu, mupumuleko. Sabata ziwiri zokha, ine n'kuiwononga chifukwa cha nzeru zakale. Wakuba anthu amamukwiyira, mayi Fyuzi, ndipo mkwiyo ndingaupirire. Koma nkhalamba yowononga zinthu amaimvera chisoni, amayamba kuiyankhula mokweza ngati yagontha, kenako amaipatsa ntchito yosesa pabwalo. Chisoni chimenecho ndi chimene ndimaopa."

Fyuzi anafuna kuwakalipiranso, koma mkwiyo unali utamuthera. Kanali koyamba kuti mkuluyu amutchule dzina lake. Anaimirira n'kukankha kreti ndi phazi.

"Dzukani. Valani chipewa. Mukayendetse galimoto."

*

Manejala anakana, anati umboni suyendetsedwa. Fyuzi anangotambasula dzanja kwa Make mapasa, makiyi n'kugweramo. A Giyawani anakhala pachiwongolero, Fyuzi pambali pawo, mwini bekare ndi mlongo wake kumbuyo. Nthawi inali itadutsa fili koloko.

"Aliyense ayang'ane kachipangizo ka Manejala," anatero Fyuzi. "Ine ndizinena nambala isanaoneke. Ndikaphonya kamodzi, pitani kupolisi, munditenge ndi ine ndemwe. Lizani, bambo. Pakhala 14 ndi kanthu."

Injini inalira, manambala ofiira anakwera n'kuima pa 14.5. Anatuluka pageti, telala akusoka mwakhama maso ali pamsewu.

"Tisanafike pa filing'i sitesheni itsika kufika 12 ndi theka."

Anayenda mwa chi Giyawani, minibasi ziwiri zinawadutsa zikuimba hutala. Manambala anayamba kutsika, 13.8, 13.1, mpaka 12.5. Mapewa a mkuluyo anatsika nawo limodzi.

"Mwaona!" anakuwa Manejala. "Ndi zimene ndikunena!"

"Khala chete, tayi ingakutsamwe. Bambo, yatsani magetsi akutsogolo. Ikwera kupitirira 13."

Anayatsa, pakachipangizo panaoneka 13.6. A Giyawani anayang'ana Fyuzi, kenako msewu, kenako kachipangizo.

"Zimitsani. Tsopano khoterani kumsewu wotsetsereka wa kumlatho. Mukayamba kutsika, chotsani phazi pamoto, muisiye iziyenda yokha ili m'giya. Ifika pafupi ndi 15."

Pikapu inaweramira kumunsi. Phazi la a Giyawani linachoka pamoto mwamantha. Manambala anadumpha, 13.9, 14.4, 14.8, n'kukhazikika pomwepo mpaka kumlatho. 

"Otaneta yakufa sifika 14.8," anatero Fyuzi. "Galimoto za masiku ano sizitchaja nthawi zonse ngati malole anu aja. Pamutu pa batire pali kabokosi kakuda kamene kamauza kompyuta kuti batire lakhuta kapena lili ndi njala. Likakhuta, kompyuta imapumitsa otaneta kuti mafuta asapite pachabe, ndiye manambala amatsika. Mukayatsa magetsi imadzuka. Mukamatsetsereka imatchaja mwamphamvu, chifukwa mphamvu imeneyo ndi yaulere. Sabata yoyamba inkaonetsa 14 nthawi zonse chifukwa galimoto inakhalitsa kogulitsira, batire linabwera ndi njala. Litakhuta, inayamba kupuma."

"Nanga Lachiwiri ndi Lachisanu?" anafunsa Make mapasa.

"Ndi mawa lake la masiku amene bambowa amakankha batire pa wilibala kukalitchajitsa kwa wometa. Ankaganiza kuti anawotcha otaneta pozula chingwe injini ikulira, ndiye ankaopa kuti buledi wako angaime panjira. Akalidyetsa, galimoto imapeza lakhuta, imapumula, manambala amatsika. Iwo akaona atsika, amakalidyetsanso. Akanapitiriza bwenzi akugona kubabashopu."

Manejala anamasula tayi pang'ono. "Ndiye kuti kachipangizo kanga sikananame."

"Sikananame, koma iwe unkawerenga galimoto ya lero ndi mutu wa galimoto ya dzana, chimodzimodzi bambowa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anatenga wilibala, iwe unatenga chingwe choyanikira zovala."

A Giyawani anapatukira pambali atawoloka mlatho, anakoka handibuleki, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ndiye kuti sindinaiphe?"

"Simunaiphe. Munachita mwayi, chifukwa ena amawotcha kompyuta yonse. Mukadzazulanso chingwe chimenecho injini ikulira, ndidzakuzulani khutu limene mumamvera galimotolo."

Mkuluyo anaseka, kuseka kwake kunasanduka kwina, ndipo anatulutsa mpango n'kudziphimba kumaso. Onse atatu anapeza choyang'ana pawindo.

*

Atabwerera kubekare, a Giyawani anaimika pikapu pamalo ake, anapukuta chiwongolero ndi mpango, n'kupereka makiyi kwa Make mapasa ndi manja awiri. Kenako anapita kuseri kwa uvuni n'kubwera ndi kachikwama kawo.

"Mukupita kuti, bambo? Nkhani yatha," anatero Make mapasa.

"Galimoto ili bwino, mayi, mtima wanga wakhala pansi. Ndinalakwa kuigwira, ndinalakwanso kubisa. Koma pali chimodzi." Anayankhula mofatsa, popanda mkwiyo. "M'mawa munandifunsa katatu ngati ndaba. Simunandifunse ngakhale kamodzi ngati ndili pavuto. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mayi."

Make mapasa anaima ngati amuthira madzi ozizira. Anayang'ana Fyuzi kuti amuthandize, koma Fyuzi, amene sankasowa chonena, anangopinda manja. Ankamukonda mnzakeyo kwambiri, n'chifukwa chake sanafune kumupeputsira katundu ameneyu.

Make mapasa analowa m'bekare. Anamveka akuzimitsa makina okandira ufa, chinthu chimene sichinkachitika masana a Lachisanu. Anatuluka ndi antchito onse, ophika buledi, olongedza, ndi mayi wa pakauntala, onse amene analipo m'mawa. Anatuma munthu kukaitana telala, amene anafika asanamalize kuitanidwa.

"M'mawa ndinawalanda makiyi bambo awa inu mukuona," anatero. "Sanabe kanthu. Masabata asanu ndi limodzi akhala akunyamula batire pa wilibala, kutsika ndi kukwera chitunda icho, kuti buledi wathu asaime panjira. Wolakwa ndine. Ndinamvera manambala, munthu ndikumudziwa. Bambo, pepani."

Anagunda mlongo wake ndi chigongono. Manejala anavula tayi yonse, anaipinda m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba analibe mfundo zinayi.

"Pepani, madala. Ndinathamanga."

A Giyawani anayang'ana makiyi amene Make mapasa anawatambasulira. Anawayang'ana nthawi yaitali, mpaka wolongedza wina anayamba kufwenthera. Kenako anawalandira n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Mwandikhululukira?" anafunsa Make mapasa.

"Ndinakukhululukirani kale m'mawa, ndili pakreti paja. Mawa ndibwera. Koma nkhaniyi yayenda msewu wonse, mayi, kumsika yafika, kwathu yafika. Kuti ndizolowere kudutsanso pakati pa anthu mutu uli m'mwamba, mundipatse masiku."

Make mapasa sanavule n'komwe epuloni. Anawalanda kachikwama kaja n'kukakolekera paphewa lake.

"Ndiye tiyambe lero. Ndikuperekezani mpaka pakhomo panu, wapansi, ndipo aliyense amene tikumane naye ndimuuza ndekha."

Anatuluka pageti limodzi, dalaivala ndi bwana wake atamunyamulira chikwama. Asanafike n'komwe pakona, Fyuzi anamva mawu a mnzake akuimitsa mayi wogulitsa tomato, akuyamba kufotokoza kuchokera pachiyambi.